Kaundula wa ku Mufakose ndi Madisiketi Anga

Ku Mufakose, limodzi la malokeshoni a kumadzulo kwa mzinda wa Harare, kuli mkulu wina amene wakhala mlembi wa bungwe la maliro la anthu a kwathu kwa zaka zambiri. Dzina lawo sinditchula, pakuti iwo si munthu wokonda kutchuka. Bambo awo anachoka ku Dedza m'masiku a Mthandizi, pamene anyamata ankawoloka Zambezi kukafuna ntchito m'minda ya fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu a ku Salisbury, ndipo iwo eni anabadwira konko. Tsiku lina nditapita kukawachezera, anatulutsa m'sutikesi buku lakuda lachikuto cholimba, lokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Tsamba lililonse linali ndi mizere yojambulidwa ndi lula: dzina la munthu, nambala ya nyumba, mudzi wa makolo ake, mfumu, boma, ndi dzina la mbale woyenera kudziwitsidwa pakagwa zovuta. Palibe tsamba limene dongosololi linasinthidwa.

Nditaona kuti mapepala ake sanali akale monga momwe mayina a m'katimo analili, ndinafunsa kuti, "Kodi bambo, bukuli ndi lomwe lija analiyamba akuluakulu oyamba?" Iwo anaseka. "Iyayi mwana wanga, ili ndi lachitatu. Buku likayamba kuthothoka timakhala pansi n'kukopera zonse m'latsopano, wina akuwerenga, wina akulemba. Ndipo linzake lili kwa a msungichuma, kuti moto ukagwira kuno usatenge zonse." Anawonjeza kuti pa msonkhano wa pachaka mayina amawerengedwa pagulu kuti cholakwika chikonzedwe eni ake akumva, ndiponso kuti pambali pawo pamakhala mnyamata amene akuphunzira ntchitoyi.

Buku lotere si chikalata cha boma, koma lathandiza anthu pa nthawi imene zikalata za boma zinawatembenukira. M'chaka cha 2001 Zimbabwe inasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika winawo m'miyezi 6 yokha. Ana ndi adzukulu a machona a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ambiri a iwo osawadziwa n'komwe maiko a makolo awo, anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a 2013, pa ndime 43, anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, koma lamulo likalola, kalaliki wa pa ofesi amafunabe pepala. Mlembi wa ku Mufakose anandiuza kuti m'zaka zimenezo achinyamata ankabwera kudzafunsa kuti agogo awo anachokera mudzi uti, kwa mfumu iti. Bukulo silinkawapatsa chitupa. Linkangowalozera kumene ayenera kukafunsa. Imeneyi ndiyo ntchito ya chilozero, kaya m'kaundula wa maliro kaya kumapeto kwa lipoti la kafukufuku: mzere umodzi wolembedwa bwino, wouza munthu amene sunakumane naye kumene angapeze chimene iwe unachiona.

Ine ndinabwerera kunyumba ndi manyazi. M'kabati mwanga muli katoni ya madisiketi a m'zaka za m'ma 1990, mmene ndinasunga zilozero zonse zimene ndinasonkhanitsa za ulimi wa m'mizinda, pamodzi ndi ndemanga zanga pa lipoti lililonse. Ndinazilemba m'pulogalamu ina yogula imene ofesi yathu inalipira ndi ndalama za pulojekiti. Pulojekiti itatha, chilolezo chinatha. Kompyuta itawonongeka, inabwera ina yopanda polowetsa disiketi. Ndipo pamene ndinapeza makina akale oti n'kuwerengera, madisiketi ena anali atachita nkhungu, ena anatseguka n'kuonetsa zilembo zosamveka. Sindingaloze munthu chala. Ndinali ndi zaka zokwanira zoti ndikopere, monga amachitira a ku Mufakose, koma ndinkakhulupirira kuti chimene chalowa m'kompyuta chalowa m'mwala.

Wina anganene kuti limeneli ndi tsoka la munthu mmodzi. Ndikukana, ndipo chifukwa chake chili m'madambo a mzinda womwewo. Aliyense amene wadutsa ku Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Kambuzuma kapena Budiriro mwezi wa Januwale amadziwa kuti Harare ndi mzinda wa chimanga. Chimamera m'mphepete mwa misewu, pansi pa mawaya a magetsi, m'mbali mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, ndipo pakati pa olimawo pali amayi ambiri olankhula Chichewa, amene alibe mudzi m'Zimbabwe woti n'kukatengako thumba la ufa. Ulimi umenewu unafufuzidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene ndondomeko ya chuma ya ESAP ya 1991 ndi chilala cha 1992 zinakankhira mabanja ku khasu. Bungwe la ENDA-Zimbabwe, poyerekeza zithunzi zojambulidwa m'ndege, linapeza kuti malo olimidwa m'Harare anawonjezeka pafupifupi kawiri pakati pa 1990 ndi 1994. M'chaka cha 1995 a Beacon Mbiba anatulutsa buku lathunthu la ulimi wa m'mizinda ya Zimbabwe, ndipo chaka chomwecho a David Drakakis-Smith, a Tanya Bowyer-Bower ndi a Daniel Tevera analemba za mgwirizano wa umphawi ndi ulimi m'Harare. Pambuyo pake kunabwera mfundo zimene makhonsolo a mizinda anagwirizana ku Nyanga mu 2002, ndi zimene nduna za maboma aang'ono za maiko angapo, Malawi ali pomwepo, zinasainira ku Harare mu 2003.

Zimene ndatchulazi n'zamwayi, pakuti zinasindikizidwa ndipo wofuna akhoza kuzipeza. Koma pansi pa buku lililonse losindikizidwa pali mulu wa zimene ine ndimazitcha malipoti a m'makabati: zolemba za ophunzira a digiri yoyamba, mapepala owerengedwa pa misonkhano, malipoti opita kwa opereka thandizo, zotsatira za kuyeza dothi, mapu ojambulidwa pamanja. Zambiri mwa izi zinatuluka makope owerengeka, ndipo njira yokha yodziwira kuti zinalembedwapo inali m'ndandanda wa munthu ngati ine. M'ndandandawo ukafa, malipotiwo amakhala ngati sanalembedwe, ngakhale ali pa shelefu penapake akudyedwa ndi chiswe.

Amene amalipira mtengo wa kuiwala kumeneku si ife. Chaka china ndinaperekeza ophunzira kukafunsa alimi a m'dambo lina la ku Dzivarasekwa. Mayi wina wachikulire, atamva kuti ndimalankhula chinenero chake, anaika khasu pansi n'kunena kuti, "Achimwene, mafunso amenewa ndinayankha kale ndili ndi mwana kumbuyo. Mwanayo lero ali ndi ana ake. Kodi zimene ndinakuuzani zija munazitaya?" Ndinasowa poyambira. Ophunzira anga sanali aulesi. Iwo anafufuza pa intaneti, sanapeze kanthu ka dera limenelo, n'kulemba m'mawu oyamba a lipoti lawo kuti nkhaniyi sinafufuzidwepo. Motero timayamba pachiyambi m'badwo uliwonse, ndipo funso limene likanathandizadi mlimi ndi khonsolo, lakuti dothi, madzi ndi zokolola zasintha motani m'zaka 30, silingayankhidwe chifukwa miyezo yoyamba sitikudziwa kumene ili.

Tsono tinene za mapulogalamu osungira zilozero, popeza ambiri amaganiza kuti mankhwala ali pamenepo. Ntchito yawo n'njosavuta kumvetsa. Amasunga dzina la wolemba, chaka, mutu ndi wosindikiza m'zipinda zosiyana, amamangirira chikalata chenichenicho ndi ndemanga zako ku chilozero chake, ndipo polemba lipoti amakukonzera m'ndandanda wa magwero m'kalembedwe kalikonse kamene magazini ikufuna. Amene analembapo m'ndandanda wotere pa taipi, n'kuuzidwa kuti asinthe malo a chaka pa mzere uliwonse, sangapeputse thandizo limeneli. Koma mbiri ya mapulogalamuwa iyenera kutichenjeza. ProCite ndi Reference Manager, amene ofufuza ambiri a m'badwo wanga anaphunzirira, anagwera m'manja mwa kampani imodzi ndi EndNote, ndipo ProCite anathetsedwa mu 2013, Reference Manager n'kusiya kugulitsidwa kumapeto kwa 2015. Mendeley, amene anayamba mu 2008 ndipo ophunzira anamukonda chifukwa anali waulere, anagulidwa ndi Elsevier mu 2013. Mu 2018 nkhokwe yake ya m'kompyuta inakhomedwa mwakuti mapulogalamu ena sakanathanso kuiwerenga mwachindunji, ndipo mu Seputembala 2022 pulogalamu yake yakale ya pa kompyuta inasiya kugawidwa, m'malo mwake n'kubwera ina. Palibe choipa chachilendo pamenepa. Umu ndi mmene malonda amayendera. Koma munthu amene ntchito yake idzatenga zaka 40 aziyembekezera kuti adzasamutsa katundu wake kangapo.

Ndikafunsidwa kuti wophunzira wa ku Glen View kapena wa ku Bunda ayambe ndi iti, ndimati Zotero, ndipo sindibisa zifukwa. Inapangidwa pa George Mason University ku America n'kutuluka mu 2006, n'njaulere, kapangidwe kake n'kosabisika, ndipo nkhokwe yako imakhala m'kompyuta yako, yotseguka ngakhale intaneti palibe. Mfundo yomalizayi si yaing'ono kwa munthu amene anakhala m'Harare mu 2019, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, kapena kwa amene amagula intaneti ya pa foni ya tsiku limodzilimodzi. Komabe sindikulalikira dzina. Nayonso ikhoza kudzasintha. Chimene ndikulimbikira ndi chakuti pulogalamu iliyonse imene mwasankha, muzitulutsa nkhokwe yanu yonse m'mtundu wa RIS kapena BibTeX kamodzi pa nyengo, monga pokolola ndi pobzala. Mafayilo a mitundu iwiriyi ndi zilembo wamba zimene munthu angawerenge ndi maso, ndipo pafupifupi pulogalamu iliyonse imawalandira. BibTeX yakhalapo kuyambira 1985. Kope limodzi likhale kwa inu, lina kwa mnzanu wa nyumba ina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pa seva ya kampani ya kutsidya kwa nyanja ndi wa mphepo.

Pali chinthu china chimene ophunzitsa mapulogalamuwa satchula kawirikawiri. Nkhani ya m'magazini ya ku Ulaya imalowa yokha ukangopereka nambala yake ya DOI. Lipoti la m'kabati lilibe nambala yotere, ndipo liyenera kulembedwa ndi zala, chipinda ndi chipinda. Chifukwa cha ichi, nkhokwe za ophunzira athu zimadzaza ndi za ku India ndi ku Brazil, za ku Highfield mulibe, osati chifukwa n'zopanda pake koma chifukwa zimatopetsa kulowetsa. Langizo langa ndi lakuti mutope ndithu, ndipo pa lipoti lililonse lotere muwonjezere mzere umene kalembedwe ka magazini sikaufuna: kumene munaliona, chipinda chake, shelefu yake, ndi tsiku. Mzere umenewu ndiwo ndikuulira kwambiri pa zonse zimene zinafera m'madisiketi anga. Makina atsopano olemba okha, amene ophunzira akuwafunsa masiku ano, sangaupeke molondola. Iwo amadziwika kale ndi khalidwe lopereka zilozero zooneka bwino za mabuku amene sanalembedwepo.

Pano ndi pamene laibulale iyenera kulowa, ndipo ndikunena izi mwaulemu kwa anzathu osunga mabuku, amene ndikudziwa kuti agwira ntchito zaka zambiri ndi bajeti yosakwana ngakhale kugula nyuzipepala. Pa nkhani yotibweretsera nzeru za kunja anachita zazikulu. TEEAL, laibulale ya m'bokosi la ma CD imene Mann Library ya pa Cornell University inayambitsa mu 1999, inafika m'makoleji a zaulimi a chigawo chino kudzera mu ofesi imene inatsegulidwa m'Harare momwemo, imene inadzakhala bungwe la ITOCA. Mu 2003 bungwe la FAO linatsegula AGORA, ndipo magazini amene kale tinkangowamva mbiri anayamba kuwerengedwa ku Chitedze ndi ku Mount Pleasant. Koma khomo limeneli ndi lolowera zakunja. Khomo lotulukira zathu, loti zimene wofufuza wasonkhanitsa zikhale ndi kwawo iye akapuma ntchito, akasamukira ku Johannesburg kapena akamwalira, likadali lopapatiza. Nkhokwe za pa intaneti za mayunivesite, monga ya University of Zimbabwe, zimalandira zolemba zomalizidwa, ndipo n'zabwino. Ine ndikupempha zoposa apo: kuti laibulale ya malo alionse a kafukufuku izilandira fayilo ya zilozero ya wofufuza aliyense chaka ndi chaka, ndi kuti asanatsanzike pa ntchito azipereka katoni yake ya malipoti a m'makabati monga amaperekera makiyi a ofesi. Osunga mabuku amaidziwa kale ntchito yosamutsa. Ambiri a iwo analemba makatalogi awo m'pulogalamu ya CDS/ISIS, imene UNESCO inkagawa ulere kuyambira 1985, ndipo kumene anasamala kutulutsa zolembazo m'mtundu wovomerezeka ndi malaibulale onse, zinawoloka n'kulowa m'mapulogalamu atsopano. Luso limenelo ndilo ofufuza tikulisowa, ndipo silingaphunzitsidwe pa msonkhano wa tsiku limodzi wokhala ndi alawansi. Limafuna munthu wokhala pa desiki yodziwika, tsiku lodziwika, woti wophunzira n'kumupititsira laputopu yake.

Funso lotsatira n'lakuti desikiyo ikhale kuti. Harare City Library, imene inayamba mu 1902 ndi dzina la Queen Victoria Memorial Library, ili pa Rotten Row m'katikati mwa mzinda, ndipo nthambi zake zinamangidwa ku Mount Pleasant, Highlands, Greendale, Hatfield ndi Mabelreign, kumene kale kunkakhala azungu. Ndi laibulale imeneyi imene inapatsidwa mabuku oposa 3,000 a mlembi Doris Lessing iye atamwalira mu 2013, chitsanzo chakuti nkhokwe ya munthu mmodzi ikhoza kupeza kwawo. Malokeshoni ali ndi malaibulale a khonsolo, aakulu mwa iwo ali ku Highfield, ndipo kumeneko n'kumene amawerengera wophunzira amene kwawo amagona anthu asanu m'chipinda chimodzi. Ngati makoleji ndi malo a kafukufuku akanatumiza wosunga mabuku mmodzi Loweruka limodzi pa mwezi ku malaibulale amenewa, atanyamula pulogalamu pa fulashi ndi makope a malipoti onena za dera lomwelo, mtengo wake sukanafika pa wa msonkhano umodzi wa ku hotela. Ndipo pa desiki yomweyo mlembi wa bungwe la maliro, wa mpingo kapena wa kalabu ya alimi akanathandizidwa kujambula masamba a kaundula wake, n'kupita ndi kope kwawo.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye, pakuti si chilichonse chosungidwa chimene chiyenera kugawidwa. Ambiri mwa alimi a m'madambo amalima pa malo a khonsolo popanda pepala, ena m'kati mwa mamita 30 kuchokera pa mtsinje, mmene lamulo limaletsa, ndipo khonsolo yakhala ikutchetcha chimanga chotere m'zaka zosiyanasiyana. Mu Meyi 2005 kunayamba Operation Murambatsvina, ndipo lipoti la nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, kapena njira yopezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Kwa anthu amene anaona zimenezo, makamaka amene unzika wawo unakayikiridwapo, pepala lokhala ndi dzina, nambala ya nyumba ndi malo a munda si chinthu chosewera nacho. Koma ndaonapo ophunzira akumangirira mayankho a alimi, mayina ali pomwepo, ku nkhokwe ya zilozero imene agawana ndi kalasi lonse pa intaneti, kapena kuwaponya pa gulu la WhatsApp. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu kuyambira 2021, ndipo Malawi anakhazikitsa lake mu 2024, koma ngakhale malamulowo kukanapanda, ulemu wokha ukanatiletsa. Zilozero za mabuku ndi malipoti zikhale m'nkhokwe yotseguka. Mayankho a alimi asungidwe ndi manambala m'malo mwa mayina. Pepala lolumikiza nambala ndi dzina likhale palokha, lokhomedwa, ndipo wofufuza ndi wosunga mabuku agwirizane molemba kuti ndani angalione ndi kuti lidzawonongedwa liti. A ku Mufakose nawonso sapereka buku lawo kwa aliyense. Munthu akabwera kudzafunsa za agogo ake, amamuwerengera mzere wake wokha, dzanja litaphimba mizere ina.

Madisiketi aja ndinawayesanso mothandizidwa ndi mnyamata wina wokonza makompyuta ku Mbare, ndipo atatu anatulutsa mayina a olemba ndi zaka, popanda ndemanga. Ndakhala ndikuwalowetsa pang'onopang'ono madzulo magetsi akakhalapo, ndipo pa lipoti lililonse ndikuyesa kukumbukira kumene ndinaliona. Ena mwa inu, owerenga, munali nafe pa misonkhano ya zaka zimenezo ndipo muli ndi makatoni anu pansi pa bedi. Ndikupempha kuti aliyense alembe m'ndandanda wa zimene zili m'katoni yake, ngakhale pa pepala wamba, n'kuupereka kwa wosunga mabuku wa pa malo ake a ntchito mvula isanayambe. Ine ndikusowa makamaka zotsatira za kuyeza dothi la m'madambo a Marimba za chilala cha 1992 chisanafike. Ndikukumbukira kuti chikuto cha lipotilo chinali chobiriwira.